Thandizo la mabungwe osafuna phindu pa intaneti ya kumidzi: zomwe amalipira ndi zomwe zimatsalira eni dera

Alimi, amalonda ndi atsogoleri a magulu a m'midzi amafunsa kawirikawiri ngati alipo mabungwe amene angawathandize kulipira intaneti yothamanga. Mabungwe otere alipo, koma thandizo lawo silibwera m'njira imene ambiri amayembekezera. Si kawirikawiri kuti bungwe lizigulira munthu bandulo mwezi ndi mwezi. Mabungwe amene akhalitsa pa ntchitoyi amalipira zinthu zikuluzikulu zoyambira, zomwe mudzi pawokha sungazikwanitse, kenako amasiyira anthu a m'deralo kuti aziyendetsa okha ntchitoyo pogwiritsa ntchito ndalama zochepa zimene aliyense amapereka. Nkhani ino ikufotokoza mmene dongosololi limayendera, makamaka potengera zomwe zinachitika ku Mankosi m'dziko la South Africa, kuti gulu lililonse lofuna kupempha thandizo lidziwiretu chimene likupempha ndi udindo umene lidzasenze.

Tanthauzo la intaneti yothamanga

Liwiro la intaneti amaliyeza ndi muyeso wotchedwa Mbps, umene umasonyeza kuchuluka kwa uthenga wodutsa pa sekondi imodzi. Palibe malire amodzi amene dziko lonse linagwirizana kuti ndiwo chiyambi cha intaneti yothamanga. Ku United States, bungwe loyang'anira zamtokoma la FCC linaika malirewo pa 25 Mbps polandira ndi 3 Mbps potumiza m'chaka cha 2015, ndipo mu Marichi 2024 linawakweza kufika pa 100 Mbps polandira ndi 20 Mbps potumiza. Kwa mlimi kapena wamalonda, muyeso wosavuta ndi uwu: uthenga wa mawu pa WhatsApp umatha kudutsa ngakhale netiweki ili yofooka, koma kuonera kanema wa alangizi a zaulimi, kukambirana ndi wogula mukuonana pa foni, kapena kutumiza zithunzi zambiri za katundu pamodzi ndi mafomu, zimafuna intaneti yosadukaduka. Ngati sukulu, chipatala ndi msika zikugawana njira imodzi, liwirolo liyenera kukhala lokwanira onse pa nthawi imodzi.

Chifukwa chake imadula kumudzi

Kampani ikamanga nsanja m'tauni, ndalama zake zimabwera msanga chifukwa anthu zikwizikwi ali pafupi ndi nsanjayo. Kumudzi nsanja yomweyo imadya ndalama zambiri kuposa m'tauni, pakuti imafuna msewu, mlonda, magetsi a dzuwa kapena jenereta, koma anthu oigwiritsa ntchito ndi ochepa, otalikirana, ndipo ambiri amapeza ndalama pa nthawi yokolola yokha. Pamwamba pa izi pali mtengo wobweretsa intanetiyo kuchokera kutali. Dziko la Malawi lilibe gombe la nyanja yamchere, choncho intaneti yake yambiri imadzera m'mayiko oyandikana nawo monga Tanzania ndi Mozambique, kumene nthambo za pansi pa nyanja zimatulukira. Nthambo ya SEACOM inayamba kugwira ntchito mu 2009, ya EASSy mu 2010, ndipo aliyense amene intanetiyo imadutsa m'manja mwake asanaifikitse kwa inu amaikapo mtengo wake. Kalembera wa 2018 anasonyeza kuti anthu 84 pa 100 alionse m'dziko muno amakhala kumidzi, kutanthauza kuti vutoli ndi la anthu ochuluka.

Bungwe la Alliance for Affordable Internet linafalitsa muyeso wakuti intaneti ndi yotsika mtengo ngati 1GB ikugulidwa ndi ndalama zosaposa 2 pa 100 iliyonse ya zomwe munthu amapeza pamwezi. Muyesowu ndi wabwino poyerekezera mayiko, koma umabisa zambiri, chifukwa umatengera ndalama za munthu wapakati m'dziko lonse. Wolima mtedza amene amagwira ndalama kawiri pachaka sapezeka m'chiwerengero chotere.

Zomwe zinachitika ku Mankosi

Mankosi ndi dera la midzi 12 m'chigawo cha Eastern Cape, m'mbali mwa nyanja, m'dziko limene kale linkatchedwa Transkei. Anthu ake amalankhula Chixhosa. Pamene ofufuza a ku University of the Western Cape anayamba kugwira ntchito ndi anthu a kumeneko mu 2012, nyumba zambiri zinalibe magetsi ndipo ntchito zolembedwa zinali zosowa. Kafukufuku wawo anapeza kuti anthu ankawononga pafupifupi 22 pa 100 iliyonse ya ndalama zawo pa kulumikizana: kugula mayunitsi, ndiponso kulipira kuti foni itchajidwe. Netiweki ya makampani inalipo ndithu. Chimene chinkasowa ndi mtengo umene munthu wosauka akanaukwanitsa.

Ntchitoyi anaipatsa dzina lakuti Zenzeleni, lomwe m'Chixhosa limatanthauza kuti dzichitireni nokha. Poyamba sinali ya intaneti n'komwe. Anaika timakina ta Wi-Fi toyendera mphamvu ya dzuwa pa nyumba zingapo zomwe anthu ndi mafumu anasankha, kuti midzi izitha kuimbirana mafoni popanda kudzera ku kampani. Chinthu chimene chinabweretsa ndalama zoyamba sichinali mafoniwo ayi, koma magetsi otsala m'mabatire: anthu anayamba kubwera kudzatchajitsa mafoni awo pa mtengo wotsikirapo, ndipo ndalamazo zinkapita m'thumba la gulu. Mfundoyi ndi yofunika kuigwira, chifukwa ikusonyeza kuti kumene kulibe magetsi, sola imene imayendetsa netiweki ndi malonda paokha.

Mu 2014 anthu a ku Mankosi analembetsa kopaletivi yawo, ndipo bungwe loyang'anira zamtokoma la dzikolo, ICASA, linawalola kugwira ntchito popanda kugula chiphaso chodula chimene makampani amagula, pozindikira kuti cholinga chawo si phindu. Sitepe imeneyi ndi imene inasandutsa kafukufuku wa ku yunivesite kukhala chuma cha anthu. Pambuyo pake anamanga mlongoti pa mapiri, mlongoti wina kuonana ndi unzake, mpaka analumikiza Mankosi ndi tauni ya Mthatha, mtunda wa makilomita makumi angapo, kumene intaneti imagulidwa pa mtengo wa pikulitsa. Mu 2017 kunakhazikitsidwa bungwe lachiwiri, losafuna phindu, lotchedwa Zenzeleni Networks NPC. Patapita nthawi dera la Zithulele nalonso linakhazikitsa kopaletivi yake pa dongosolo lomweli.

Kagawidwe ka ntchito pakati pa mabungwe awiriwa ndiye phata la nkhani yonse. Bungwe losafuna phindu ndi limene limalemba makalata opempha ndalama, kukambirana ndi boma za malamulo, kusamalira njira yaikulu yochokera ku Mthatha, ndi kuphunzitsa achinyamata kukwera milongoti ndi kukonza makina. Linalandira thandizo kuchokera ku mabungwe monga Internet Society ndi Association for Progressive Communications, komanso ku nthambi ya boma la South Africa yoona za sayansi. Kopaletivi, yomwe eni ake ndi anthu a m'mudzi, ndiyo mwini wa zipangizo za m'deralo. Imasankha malo oikapo Wi-Fi, imagulitsa mavocha, ndipo ndalama zotsala imagamula yokha chochita nazo. Kwa zaka zingapo vocha imodzi inkagulidwa marandi 25 ndipo munthu ankaigwiritsa ntchito mwezi wonse popanda malire a data, malinga ali pafupi ndi malo a Wi-Fi.

Marandi 25 pamunthu sangalipire okha netiweki yonse, ndipo a Zenzeleni sanadalire mavocha okha. Analumikizanso masukulu, malo azaumoyo, mabizinesi, malo ogona alendo ndi mabungwe ena, amene amalipira ndalama zokulirapo mwezi uliwonse kuti akhale ndi intaneti yawoyawo pamalo pawo. Makasitomala akuluakulu ochepawa ndi amene amachititsa kuti mtengo wa munthu wamba ukhale wotsika. Gulu limene likuganiza zoyamba ntchito yotere liyenera kuwerenga kaye kuti m'dera mwake muli makasitomala otere angati, lisanawerenge n'komwe chiwerengero cha mafoni. Tiyeneranso kunena mosabisa kuti kuchokera pa kuyamba kukambirana mpaka pamene intaneti yeniyeni inafika panadutsa zaka pafupifupi zisanu. Nthawi yambiri inathera pa misonkhano, kulembetsa ndi kumanga chikhulupiriro, osati pa kumanga milongoti.

Pamene thandizo likulipira bilu ya pamwezi

Njira ina ndi yochotsera munthu gawo la mtengo mwezi uliwonse. Chitsanzo chachikulu kwambiri chinachitika ku United States, ndipo ngakhale ndalama zake zinali za boma, mabungwe osafuna phindu monga EveryoneOn ndi PCs for People ndi ena mwa amene ankathandiza mabanja osauka kupeza intaneti yotsika mtengo ndi makompyuta okonzedwanso. Pulogalamu ya Affordable Connectivity Program inayamba kumapeto kwa 2021 ndi madola 14.2 biliyoni. Banja loyenerera linkachotseredwa madola 30 pamwezi, kapena madola 75 ngati likukhala m'madera a mitundu ya eni nthaka. Mabanja oposa 23 miliyoni analembetsa. Ndalamazo zitatha, nyumba ya malamulo sinaonjezere zina, ndipo pa 1 Juni 2024 pulogalamuyo inatsekedwa. Mabanja anabwerera ku mtengo wakale, ndipo pamudzi sipanatsale mlongoti kapena nthambo imene anthu akanati ndi yawo.

Izi sizikutanthauza kuti thandizo la pamwezi n'lopanda pake. Kwa sukulu kapena chipatala, kulipiriridwa kwa chaka chimodzi kapena ziwiri kumapereka mpata wokonzekera. Koma ngati dziko lolemera chotere linalephera kupitiriza, bungwe laling'ono lodalira opereka a kunja silingalonjeze kulipira mpaka kalekale. Wolandira thandizo lotere afunse tsiku loyamba lomwe kuti lidzatha liti, ndipo alembe tsikulo m'buku la gulu.

Alimi amene anakumba okha ngalande

Kumpoto kwa England, m'chigawo cha Lancashire, makampani akuluakulu anasiya midzi ya alimi a nkhosa ndi ng'ombe ponena kuti kukokera nthambo kumeneko sikungabweze ndalama. Mu 2011 anthu a kumeneko anakhazikitsa bungwe la Broadband for the Rural North, lodziwika kuti B4RN, limene malamulo ake salola kuti phindu ligawidwe kwa anthu akunja kwa ntchitoyo. Ndalama zoyambira anazipeza pogulitsana masheya okhaokha. Eni minda analola kuti nthambo za fibre zidutse m'minda mwawo kwaulere, ndipo alimi anakumba ngalande ndi mathirakitala awo. Popeza kukumba ndi kulipira eni malo ndizo zimadya ndalama zambiri pa ntchito ya nthambo, mtengo unatsika kwambiri. Nyumba zoyamba zinalumikizidwa mu 2012 pa liwiro la 1,000 Mbps, ndipo kwa zaka zambiri banja linkalipira mapaundi 30 pamwezi.

Alimi a ku Lancashire anali ndi mathirakitala, magetsi ndi ndalama zogulira masheya, zomwe alimi ambiri kuno alibe. Chomwe tingatengeko n'chakuti malo ndi thukuta nazonso ndi ndalama. Mudzi umene ukupereka phiri loikapo mlongoti, njerwa za kanyumba ka mabatire ndi alonda, wapereka gawo lenileni la mtengo, ndipo gawolo liyenera kulembedwa m'pangano ndi mtengo wake. Anthu amene anaumbapo njerwa za sukulu kapena kusonkha ndalama zokonzera mjigo akulidziwa kale dongosolo limeneli.

Kumene thandizo limachokera

Bungwe la Internet Society, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, ndi nthambi yake yopereka ndalama ya Internet Society Foundation, akhala akuthandiza manetiweki a m'midzi m'mayiko ambiri ndi ndalama zogulira zipangizo komanso maphunziro. La Association for Progressive Communications, lomwe linayamba mu 1990, limapereka ndalama zochepa zoyambira, limaphunzitsa amisiri, ndipo limathandiza mayiko kukonza malamulo kuti magulu ang'onoang'ono azipeza ziphaso mosavuta. Ntchito ya Giga, imene UNICEF ndi ITU anayambitsa mu 2019, imayang'ana pa kulumikiza masukulu ndipo imagwira ntchito kudzera m'maboma, choncho munthu payekha sangapempheko. Ku Mexico, bungwe la Rhizomatica linathandiza mudzi wa Talea de Castro m'chigawo cha Oaxaca kukhala ndi netiweki yakeyake ya mafoni mu 2013. Patapita nthawi, m'manetiweki otere a ku Oaxaca aliyense ankalipira mapeso 40 pamwezi: 25 ankatsala m'mudzi, 15 ankapita ku bungwe losamalira manetiweki onse. Imeneyo inali netiweki yoimbirana, osati ya intaneti yothamanga, koma kagawidwe ka ndalamako n'kofanana ndi ka ku Mankosi.

Ambiri mwa mabungwe otere amafanana pa zinthu zingapo. Amapereka ndalama ku gulu lolembetsedwa, lokhala ndi akaunti ku banki ndi mabuku a ndalama, osati kwa munthu mmodzi. Amalandira mapempho pa nthawi zoikika, kudzera pa masamba awo a pa intaneti, ndipo nthawi zambiri m'Chingerezi, zomwe n'zomvetsa chisoni poganizira kuti ofunika thandizowo ndi amene alibe intanetiyo. N'chifukwa chake magulu ambiri amene zinthu zinawayendera anali ndi mnzawo wowagwira dzanja, kaya yunivesite, mpingo kapena bungwe lokhazikika kale m'boma lawo.

M'dziko muno muli thumba la Universal Service Fund, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la zamtokoma la 2016 ndipo limayang'aniridwa ndi MACRA. Ndalama zake zimachokera makamaka ku zopereka za makampani a zamtokoma, ndipo cholinga chake ndi kufikitsa mautumiki kumadera amene makampani sapitako okha. Thumbali si bungwe lachifundo, koma gulu lofuna thandizo la kunja lichita bwino kuyamba lafunsa kumeneko, chifukwa opereka ndalama amafuna kudziwa ngati boma likuidziwa ntchitoyo. Luso loyesera njira zatsopano lilipo kale: mu 2013 akatswiri a ku Chancellor College, mogwirizana ndi MACRA, anayesa ku Zomba kutumiza intaneti kudzera m'mafunde a wailesi yakanema amene sakugwiritsidwa ntchito, n'kulumikiza sukulu ndi chipatala. Kuyambira 2023 intaneti ya setilaiti ya Starlink ikupezekanso m'dziko muno, ndipo yachepetsa vuto la kutalika kwa mtunda, ngakhale chipangizo chake ndi malipiro a pamwezi n'zolemera kwa banja limodzi.

Zoyenera kukonzekera musanapemphe

Choyamba ndi kulembetsa. Magulu a alimi amene ali kale makopaletivi ali patsogolo, chifukwa ali ndi malamulo oyendetsera gulu, komiti ndi msungichuma. Gulu latsopano likhoza kulembetsa kwa mlembi wa makopaletivi ku unduna woona za malonda. Kugula intaneti kuti muzigwiritsa ntchito pa ofesi ya gulu n'kosiyana ndi kuigulitsa kwa anthu ena: kugulitsa kumafuna chilolezo cha MACRA, ndipo mgwirizano wanu ndi kampani imene mukugulako uyenera kukhala wololeza kutero. Funsani zimenezi musanagule chipangizo chilichonse, kuopa kuti zipangizo zingadzakhale m'katoni podikira pepala.

Bungwe limene likubwera ndi thandizo nalonso liyenera kufufuzidwa. Mabungwe omwe si aboma ogwira ntchito m'dziko muno amalembetsa ku NGO Regulatory Authority, ndipo ntchito zawo m'boma zimadutsa ku khonsolo ndi makomiti a chitukuko a m'dera. Bungwe lenileni silipempha kuti mutumize ndalama pa foni kuti dzina lanu lilembedwe, silifunsa nambala yanu yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba, ndipo silifalitsa mwayi wake kudzera m'mauthenga olonjeza data yaulere mukatumizira anzanu khumi. Mauthenga otere ndi msampha wa akuba.

Pangano likhale lolembedwa, ndipo liyankhe momveka kuti mwini wa zipangizo ndani ntchito ikadzatha, amene adzalipire intaneti ya pikulitsa chaka chachiwiri ndi chachitatu ndani, komanso kuti ndi anthu angati a m'mudzi amene adzaphunzitsidwe kukonza. Pa mfundo yomalizayi, kuphunzitsa mnyamata mmodzi n'kosakwanira. Wachinyamata wodziwa kulumikiza makina a Wi-Fi sachedwa kupeza ntchito ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, ndipo mudzi umatsala ndi mlongoti wopanda woukwera. Phunzitsani angapo, ndipo pakhale amayi, amene nthawi zambiri ndiwo amakhazikika.

Nkhani ya magetsi ndi imene imagwetsa ntchito zambiri mwakachetechete. Mapanelo a sola amakhala zaka zambiri, koma mabatire amatha pakapita zaka zochepa, ndipo mtundu wa mabatire wotsika mtengo ndi umene umatha msanga. Mphezi zimatentha makina a pamlongoti m'nyengo ya mvula ngati sanaikidwe waya wotsitsira mphamvuyo pansi. Zipangizo zolowa m'malo zimagulidwa kunja ndi madola, choncho kwacha ikatsika mphamvu, monga zinachitikira mu Meyi 2022 ndi mu Novembala 2023, mtengo wake umakwera pomwe mtengo wa vocha uli pomwepo. Opereka thandizo ambiri amagula mabatire oyamba okha. Pokhazikitsa mtengo wa vocha, komiti iwerengere mtengo wa mabatire achiwiri, iugawe pa miyezi imene oyambawo akuyembekezeka kukhala, ndipo ndalama imeneyo iziikidwa pa akaunti yapadera mwezi uliwonse, yosainira anthu atatu. Kumadera kumene anthu amagwira ndalama pokolola, gulu likhoza kulola mamembala kulipiriratu miyezi ingapo pakati pa Meyi ndi Ogasiti, kuti m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene matumba ali opanda kanthu, bilu ya intaneti ya pikulitsa ikhale italipidwa kale.